Pampu ya mafuta ya quad ili pafupi ndi ekizozi, tiisunthire pati?

Wa quad, Ngabu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Quad yanga (njinga yamoto ya matayala anayi) ndi ya 400cc, ya kabuleta, injini yozizira ndi mphepo, thanki ili pansi pa mpando chakumbuyo. Pampu ya mafuta ndi ija yopanda waya, ya mapaipi atatu: yochokera ku thanki, yopita ku kabuleta, ndi ina yochokera pakhosi pa kabuleta. Amene anaisintha kale anaimangirira pa chasisi kumanja, m'munsi molingana ndi popondera, ndipo kuchoka pa pampu kufika pa ekizozi ndi masentimita 6 basi. M'mawa imayenda bwinobwino. Masana ikamakoka kangolo ka madiramu a madzi pa giya yaing'ono, pakangotha theka la ola imayamba kutsamwa, kenako kuzima. Mukaisiya mphindi 20 imaliranso. Nthawi ya mvula pampu yomweyo imakwiririka m'makande. Ndikuganiza zoisunthira kutsogolo pansi pa keriyala, pomwe pamawomba mphepo. Ndayeza, ndi masentimita 85 kuchoka pa kabuleta. Zingatheke?

Makaniko, Nchalo:
Achimwene, musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe, tsimikizani kaye kuti vuto lili pa pampu. Pali matenda atatu amene amaoneka chimodzimodzi, injini kuzima ikatentha ndi kulira ikazizira. Ikangozima musadikire, yezani pomwepo.

Tsegulani chitsekerero cha thanki mukutchera khutu. Mukamva mpweya ukulowa kuti fyuu, ndiye kuti kapaipi kopumira thanki katsekeka, kaya ndi fumbi, kaya ndi dothi la tizilombo tija timamanga zisa m'timabowo. Thanki yosapuma pampu singakokemo mafuta, ngakhale muiike pozizira bwanji.

Kenako masulani kasikuluu ka pansi pa mbale ya kabuleta, mafutawo muwalozetse m'kachitini kutali ndi ekizozi. Akatuluka ambiri ndithu, vuto si mafuta. Zulani pulagi muone moto, chifukwa koyilo yotopa imadula moto ikatentha. Koma mbale ikakhala youma kapena mutuluke timadontho chabe, nyowetsani chiguduli, mukulunge pampu pamodzi ndi paipi yochokera ku thanki. Ikalira patangotha mphindi ziwiri kapena zitatu m'malo mwa 20 zija, mwampeza mwini mlandu.

Wa quad, Ngabu:
Ndayesa momwemo akulu. Thanki siinamveke chilichonse. Moto pa pulagi ulipo, wabuluu. M'mbale munatuluka timadontho tochepa. Nditaika chiguduli chonyowa inalira msanga. Chinanso, mu fyuluta ija yoonekera mkati munali tithovu tokhatokha tikuyenda.

Makaniko, Nchalo:
Ndiye petulo akuwira asanalowe mu pampu. Petulo ndi msanganizo wa zinthu zambiri, ndipo zopepuka mwa izo zimayamba kusanduka nthunzi pa madigiri 35 mpaka 40 chabe. Kuno ku chigwa mu Okutobala ndi Novembala mpweya weniweniwu umafika 40 n'kupitirira, ndiye mafuta amakhala atafunda kale m'thanki. Muwadutsitse masentimita 6 kuchoka pa chitsulo chotentha madigiri mazana angapo, quad ikuyenda pang'onopang'ono popanda mphepo yoiziziritsa, atsala ndi chiyani? Komanso mafuta amawira msanga pomwe akukokedwa kusiyana ndi pomwe akukankhidwa. N'chifukwa chake paipi ya pakati pa thanki ndi pampu ndiye yoisamala kwambiri.

Mkati mwa pampuyo muli dayafulamu, kachikopa kopyapyala komwe kamapopa mafuta, ndi timavalavu tiwiri topyapyala, kolowetsa ndi kotulutsa. Mukakhala mafuta, dayafulamu ikasuntha mafuta amayenda. Mukakhala nthunzi, imangoifinya n'kuisiya, kuifinya n'kuisiya, ku kabuleta osafika kanthu. Zili ngati pampu yopondaponda ya kudimba ija: paipi yokoka ikalowa mpweya, mupondaponda mpaka thukuta koma madzi osatuluka.

Kusuntha ndi koyenera, koma kutsogolo ayi. Paipi yachitatu ija ndiye imayendetsa pampu. Pisitoni ikamatsika kukoka mpweya, kukokako kumadutsa m'paipimo kukagwedeza dayafulamu, ndipo pa injini ya silinda imodzi ya four-stroke zimachitika kamodzi kokha pa kuzungulira kuwiri. Kugunda kumeneku ndi kofooka kale. Paipi ikatalika, mpweya wodzaza m'katimo umameza kugundako kusanafike. Masentimita 85 anuwo, mukawonjezera zokhotakhota kuzemba thanki ya oyilo ndi chiwongolero, apitirira mita. Idzalira bwino itaima, mudzasangalala, koma mukadzangokoka moto wonse ndi katundu idzakuzimirani, popeza kabuleta ikatseguka yonse kukoka kwa pakhosi kumatsika. Paipi yachitatuyi, yomwe timaitcha ya vakyumu, ikhale yosafika masentimita 30, ndipo zivute zitani isapitirire 45. Yochokera ku thanki nayo ikhale yaifupi. Mwa zitatuzo, yomwe mungatalikitse mosaopa ndi yopita ku kabuleta yokha.

Madala a mainjini, Bangula:
Za kutsogolo tagwirizana. Koma ine ndikuti ikwezeni pamwamba penipeni, pansi pa mpando pafupi ndi batire. Dzuwa ndi la miyezi itatu, koma madzi akadzabwera mu Januwale mudzaiwala za kutentha. Mapampu ambiri a mtunduwu ali ndi kabowo kakang'ono kopumira kuseri kwa dayafulamu. Makande akamatapo n'kuuma, pampu imafooka. Madzi akalowamo amadya aluminiyamu mkati. Aliyense woyenda njira za ku East Bank, kaya zolowera ku Makhanga, akudziwa kuti chilichonse chili molingana ndi popondera chimamira.

Makaniko, Nchalo:
Madala, za kabowo mwanena zoona, ndipo kayang'ane pansi nthawi zonse kuti madzi asakhazikikemo. Koma kukweza kuli ndi malire. Thanki ya quad iyi ili m'munsi. Mukaika pampu pamwamba pa thanki yonse, mafuta ayenera kukwera chitunda nthawi zonse, ndipo kukoka kwambiriko n'komwe kumabweretsa nthunzi ija. Timavalavu tikangotopa pang'ono mafuta amabwerera m'thanki usiku, m'mawa mumalize batire ndi sitata. Pafupi ndi batire ndiye ayi ndithu, mafuta akadontha pamenepo n'kuthetheka kamodzi, quad yapsa.

Madala a mainjini, Bangula:
Nanga mukufuna ikhale pati? Tchulani malo, tisamangotsutsana.

Makaniko, Nchalo:
Kumanzere, mbali yopanda ekizozi, pa chitsulo cha chasisi choimirira chija cha kumbuyo kwa kabuleta, pambali pa bokosi la mpweya. Kutalika kwake kuyezedwe ndi zinthu ziwiri. Pampu ikhale pamwamba pang'ono pa kamlomo ka vakyumu ka pakhosi pa kabuleta, masentimita 3 mpaka 5, kuti paipi ya vakyumu itsetserekere ku injini. Madontho a petulo amene amasonkhana m'paipimo azibwerera okha m'malo modzaza kuseri kwa dayafulamu. Musalole paipiyo igwe pakati n'kupanga chithaphwi, chifukwa mafuta akakhazikika pamenepo amatseka kugunda. Chachiwiri, pampu isakwere kupitirira masentimita 30 kuchoka pansi pa thanki. Pa ma quad ambiri malo amenewa ali pamwamba pa popondera ndi chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Madzi akafika pamenepo, timapaipi topumira kabuleta ndi bokosi la mpweya zatsala pang'ono kumira, ndiye nkhawa sikhalanso ya pampu.

Madala a mainjini, Bangula:
Pamenepo palibe mlandu. Koma muikepo kachishango ka labala kutsogolo kwake, kodula ku chubu cha galimoto, kuti matope a tayala lakutsogolo asamamenye pampu.

Mayi a zamagetsi, Dyeratu:
Ndiikepo njira ina, bambo a ku Ngabu asankhe okha. Ngati malo amene a makaniko atchulawo ndi opanikizika, chotsani ya vakyumuyo muike yamagetsi ya 12V. Imeneyo ilibe paipi yachitatu, ndiye mtunda wopita ku kabuleta si nkhani. Koma ili ndi malamulo ake, ndipo ambiri amaiononga poika.

Gulani ya mphamvu yochepa, yolembedwa 1.5 mpaka 4 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu yokankhira mafuta). Singano ya fuloti ya kabuleta za njinga, yomwe imatseka mafuta mbale ikadzaza, ndi yaing'ono, siitha kutseka mafuta obwera mwamphamvu. Mukaika ya 7 psi mafuta azisefukira pa kapaipi ka pansi, pulagi izida, ena atsikire mu silinda mpaka mu oyilo. Pampu ya galimoto ya injekishoni ndiye musayese n'komwe, imeneyo imakankha 40 psi n'kupitirira.

Yamagetsi imakankha bwino koma siikoka bwino, choncho ikhale pafupi ndi thanki, m'munsi mwa mlingo wa mafuta, kotulukira kutapendekera m'mwamba kuti mpweya uzituluka wokha. Fyuluta ikhale pakati pa thanki ndi pampu. Apa ndiye vuto la a madala libwereranso, chifukwa m'munsi ndi momwe muli madzi. Polumikiza waya paliponse muwotche ndi soda n'kuvekapo heat shrink, kachubu kaja kofinyika kakatenthedwa, osati kupotokola ndi kukulunga tepi.

Mawaya: pampu zimenezi zimadya ma amp awiri kapena kucheperapo. Waya wa 1.5 mm², fyuzi ya 5A pafupi ndi batire, ndi relay (kaswitchi koyatsidwa ndi magetsi) ya mapini anayi. Pini 30 ku batire kudzera pa fyuzi, 87 ku pampu, 86 ku waya amene amakhala ndi moto kiyi akatsegulidwa, 85 ku chasisi. Waya wa kiyiyo mutenge wodutsa pa switchi yozimitsira injini ya pa chiwongolero, kuti mukazimitsa pamenepo pampu nayo iime. Chondidetsa nkhawa pa quad ndi ichi: ikagubuduzika injini imazima koma kiyi amakhala wotsegula, ndipo yamagetsi imapitiriza kupopera petulo pa injini yotentha, mwina woyendetsa ali pansi pake. Ya vakyumu imaima yokha injini ikaima. Pa chifukwa chimenechi, ngati ya vakyumuyo ili yamoyo, ine ndingaisunge.

Wa quad, Ngabu:
Zikomo mayi. Malo alipo, ndayeza: kuchoka pa kamlomo kufika pa chitsulocho ndi masentimita 22. Ndikhala ndi ya vakyumu. Mapaipi ndigule aja oonekera mkati a pa msika? Ndiwo akupezeka pafupi.

Wogulitsa zipangizo, Chikwawa boma:
Ayi achimwene, amenewo ndi a madzi. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo wina mwa ethanol ameneyo amapangidwa konkuno ku Chikwawa kuchokera ku molasesi wa nzimbe. Paipi ya pulasitiki wamba ikakumana ndi petulo wotere ndi dzuwa lathuli imauma gwa, imachita chikasu, kenako imang'aluka pa kamlomo. Choipa n'chakuti mbali yokoka siidontha, imangoyamwa mpweya, ndiye mufufuza kosapeza. Funani yakuda ya ulusi pakati, yolembedwa SAE J30R7 m'mbali, kapena J30R9 yomwe imapirira ethanol bwino kuposa. Yezani timilomo ta pampu kaye. Tambiri ndi ta 6 mm, tina 8 mm. Paipi ya 8 pa kamlomo ka 6 siigwira ngakhale mumange kilampu mpaka kuthyola sikuluu.

Ya vakyumu nayo ikhale yokhuthala yomweyo. Yofewa imaphwafuka ikatentha, ndiye kugunda kumathera m'makoma ake. Poyesa, ifinyeni ndi zala ziwiri. Ikaphwatalala mosavuta isiyeni.

Makilampu asanu ndi atatu: atatu pa pampu, awiri pa fyuluta, limodzi ku thanki, limodzi ku kabuleta, limodzi pa kamlomo ka vakyumu. A sipuling'i ndiwo abwino pa mapaipi aang'ono chifukwa amagwira mozungulira monse. Waya wa mabelo a thonje amadula labala.

Wowotcherera, Ngabu:
Za pomangirira. Musaboole chasisi, mapaipi ake ndi opyapyala, bowo limabala mng'alu ndi mabampu a msewu wa fumbi. Kuwotcherera pa chasisi thanki ili pomwepo ndiye ndimakana, ngakhale mwini atanena kuti ndi youma. Thanki yopanda mafuta ndi yomwe imaphulika chifukwa mwadzaza nthunzi. Kachitsulo kapangidwe padera: fulati ba ya 3 mm, mulifupi 25 mm, mulitali pafupifupi masentimita 12, yopindidwa ngati L. Mbali imodzi igwire pa bawuti yomwe ilipo kale, monga ya bokosi la mpweya, kapena muzunguze chasisi ndi makilampu awiri oika labala mkati. Mbali inayo mabowo awiri a 6.5 mm a mabawuti a M6, a sipanala 10. Pakati pa pampu ndi chitsulo muike mawasha a labala, ndipo manati akhale a nayiloni aja osamasuka okha. Musamange mopitirira, makutu a pampu ndi aluminiyamu, amathyoka. Pampu isamangiriridwe pa injini penipeni: kutentha kumayenda m'chitsulo, ndipo kunjenjemera kumasokoneza timavalavu.

Paipi iliyonse idutse masentimita 15 kuchoka pa ekizozi. Pomwe zakanika, ikani kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu pakati, kotalikirana ndi ekizozi sentimita imodzi ndiponso kosakhudza paipi. Mpata wa mpweyawo ndiwo umatchinga kutentha. Kachitsulo komata pa ekizozi kamangotentha nako.

Mnyamata wa ku Thabwa:
Pepani kulowerera. Yathu ndi Honda TRX420 ya injekishoni, nayonso tingasunthe chonchi?

Mayi a zamagetsi, Dyeratu:
Ayi mwanawe, imeneyo ndi nkhani ina. Pampu ya injekishoni imasunga mafuta pa mphamvu yopitirira 3 bar, yomwe ndi pafupifupi 44 psi, ndipo mapaipi ake ndi opangidwira malo omwewo, okhala ndi zolumikizira zake. Paipi ya J30R7 ndi kilampu wamba zimaphulika pamenepo, petulo n'kuwazika ngati utsi. Pa ma quad ambiri a injekishoni pampu ili m'thanki momwe, imazizira ndi mafutawo. Ikamavuta ikatentha, yambani ndi fyuluta ndi kasefa ka pampu, muyeze mphamvu ndi geji, ndipo musamayende thanki ili pafupi kuuma.

Makaniko, Nchalo:
Tibwerere ku Ngabu. Gwirani ntchitoyi m'mawa injini ili yozizira, panja pa mthunzi, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya. Nthunzi ya petulo imayenda chapansipansi, imakafika pa moto womwe mukuuona ngati uli kutali. Pafupi pakhale ndowa ya mchenga.

Chotsani waya wa negativu pa batire. Tsekani kampopi ka mafuta, ngati palibe kampopi poperani mafuta onse m'chigubu. Musanazule mapaipi jambulani ndi foni, chifukwa kusinthanitsa kolowera ndi kotulukira n'kosavuta. Pa pampu pamakhala mivi kapena mawu akuti IN ndi OUT, ndipo kamlomo ka vakyumu nthawi zambiri kamakhala pa chivundikiro pakokha.

Mukazula paipi ya vakyumu yakaleyo, igwedezereni pa chikhatho. Kunyowa pang'ono si nkhani, koma mukatuluka petulo woyenderera ndiye dayafulamu yabooka, ndipo kusuntha sikuchiza. Onaninso oyilo: akakwera kupitirira mzere ndi kununkha petulo, asintheni musanalize injini. Pampu yoti yakhala ikuphikidwa pafupi ndi ekizozi dayafulamu yake imakhala youma ndi yokwinyika, choncho ngati ndi yomasula ndi masikuluu, itseguleni muone. Zigawo zake muziyale motsatana momwe mukuzichotsera.

Mangani pampu pamalo atsopano kaye, mapaipi muyeze pambuyo. Dulani ndi mpeni wakuthwa mowongoka, musiye sentimita imodzi kapena awiri apadera poti injini imagwedezeka pa malabala ake. Fyuluta pakati pa thanki ndi pampu, muvi kuloza ku pampu. Masiku amene mafuta akusowa anthu n'kumagula a m'zigubu, fyulutayi ndiyo imateteza timavalavu ku mchenga, kachinyalala kamodzi kakakhala pa valavu pampu yaleka kugwira. Paipi yochokera ku thanki ikwere mosalekeza mpaka ku pampu, isapange phiri pakati pomwe mpweya ungabisale. Mangirirani mapaipi pa chasisi masentimita 15 aliwonse, mosafinya. Mukatha, khazikani anthu awiri pa keriyala yakumbuyo kuti mashoko atsike, muone ngati palibe chokhudza paipi. Ikani mpando, muuchotsenso, muyang'ane ngati sunadinde paipi.

Pampu youma imachedwa kukoka ndi sitata. Thirani petulo pang'ono m'paipi yopita ku kabuleta ndi jekeseni yopanda singano mpaka mbale idzaze. Injini ikalira ndi amenewo, pampu imadzikokera yokha m'masekondi ochepa.

Wa quad, Ngabu:
Ntchito yatheka akuluakulu, takhuta. Paipi ya vakyumu yakwana masentimita 24. Masana yakoka madiramu osazima, tithovu tatha, pampu ukaigwira ndi yofunda chabe. Chotsala n'chakuti pa mchenga wa mumtsinje wouma, ndikakoka moto wonse kwa nthawi, imayamba kuchepa mphamvu, ndikabweza pang'ono imatsitsimuka.

Madala a mainjini, Bangula:
Mbale ikuuma msanga kuposa momwe pampu ikudzazira. Yezani zomwe ikutulutsa. Injini ili yozizira, zulani paipi pa kabuleta, muilowetse m'botolo la 500 ml, mulize ndi mafuta otsala m'mbale, mukweze moto pang'ono kwa masekondi 30. Injini ya 400cc pa ntchito yolemetsa imatha kumwa malita 6 mpaka 8 pa ola, omwe ndi pafupifupi 100 mpaka 130 ml pa mphindi. Kapampu kamakona anayi ka kampani ya Mikuni kanalembedwa malita 14 pa ola, ndiye kakakhala kali bwino kayenera kutulutsa oposa omwe injini imamwawo. Pa masekondi 30 mukapeza osafika 70 ml, pampu ikuperewera.

Makaniko, Nchalo:
Akaperewera, musathamangire kugula pampu ina. Yang'anani khosi la labala la pakati pa kabuleta ndi injini, lipindeni ndi chala muone ngati lilibe ming'alu, chifukwa mpweya wolowera pamenepo umafooketsa vakyumu. Kenako mavalavu a injini. Fumbi la kuno limadya valavu yolowetsa mpweya, mpata wake umachepa mpaka siitsekanso bwino, ndipo kugunda kopita ku pampu kumafooka. Chizindikiro china ndi kuvuta kulira m'mawa. Yezani ndi filagheji, timalata topyapyala toyezera mpata, injini itazizira usiku wonse, pisitoni ili pamwamba mavalavu onse atatseka. Pa injini zambiri za kukula kumeneku yolowetsa imakhala pakati pa 0.05 ndi 0.15 mm, koma tsatani nambala ya injini yanuyo, kawirikawiri imalembedwa pa kapepala komata pansi pa mpando kapena pa chasisi. Zonsezi zikakhala bwino koma botolo osadzaza, chotsani kampopi ka thanki, kasefa kake kamakhala katamatidwa ndi dzimbiri ndi zinyalala, mukatsuke ndi petulo woyera ndi mswachi wakale.

Wa quad, Ngabu:
M'botolo mwalowa 55 ml. Khosi lili bwino. Filagheji ya 0.05 siikulowa n'komwe pa valavu yolowetsa.

Makaniko, Nchalo:
Ndi imeneyo. Masulani nati yokhoma, bwezani sikuluu mpaka filagheji ya nambala yake iziyenda mokhula pang'ono, gwirani sikuluu isazungulire pomwe mukumanga nati, muyezenso mukamanga chifukwa mpata umasintha. Mukatero bwerezani za botolo. Mutsukenso siponji ya m'bokosi la mpweya n'kuipaka oyilo, muone ngati chivundikiro chikutseka mbali zonse, poti fumbi lomwe ladya valavulo lalowera kumeneko. Pakatha mwezi muyezenso mpatawo. Ukakhala wachepanso, valavu yadyeka m'mphepete ndipo hedi, mutu wa injini, iyenera kutsika.